Lipoti: Mmene Alappuzha inasiyira kutumiza zinyalala kudzala, ndi pomwe ntchitoyi ikudonthabe

Alappuzha, yomwe alendo ambiri amaidziwabe ndi dzina lakale la Alleppey, ndi tauni ya m'chigawo cha Kerala, kummwera kwa dziko la India. Yapanikizika pakati pa madzi awiri. Kumadzulo kuli nyanja ya mchere ya Arabia, kummawa kuli nyanja ya Vembanad, ndipo m'kati mwa tauniyo mwadutsa ngalande zomwe kale zinkayendamo mabwato a malonda. Kalembera wa 2011 anapezamo anthu pafupifupi 174,000, ndipo nthawiyo tauniyo inali ndi mawodi 52. Kuwonjezera pa eni tauni pamabwera alendo odzakwera maboti ogonamo, odzapuma kugombe, komanso khamu lodzaonerera mpikisano wa mabwato wa Nehru Trophy womwe umachitikira pa nyanja ya Punnamada cha mu Ogasiti.

Nthaka yake ndi yamchenga ndi yotsika, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Nthawi ya mvula ukakumba dzenje sufika patali usanakumane nawo. Chapafupi pali dera la Kuttanad, komwe minda ina ya mpunga ili m'munsi kuposa nyanja. Zimenezi ndi zomwe zimalamula nkhani yonse ya zinyalala kumeneko: malo owuma oti n'kuikapo dzala lalikulu kulibe, ndipo chilichonse chogwa pansi chimakathera m'madzi omwewo amene alendo alipira ndalama kudzawaona. Walira mvula walira matope, ndipo tauni yolirira alendo yaliriranso mabotolo awo.

Kwa zaka zambiri khonsolo inkatola zinyalala zosakanikirana, pafupifupi matani 58 patsiku, n'kukazikhuthula ku Sarvodayapuram, mudzi wa kunja kwa malire a tauni, m'dera la Mararikulam South. Kunali malo opangira manyowa, koma malo oterewa ukamawapatsa chakudya chosakanikirana ndi majumbo, magalasi ndi matewera, manyowa satuluka, chimangokula ndi chimulu. Fungo, ntchentche ndi madzi akuda ochucha m'muluwo zinali za anthu a m'mudzimo, omwe zinyalalazo sizinali zawo. Mu 2012 anatseka njira, akuluakulu a dera lawo anawaikira kumbuyo, ndipo malole analibenso kolowera. Zinyalala zinayamba kuunjikana m'misewu ndi m'ngalande.

Zonyowa zisakwere lole

Mudzi wina wovomera dzala sunapezeke. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, khonsolo pamodzi ndi phungu wa derali pa nthawiyo, Thomas Isaac, inayambitsa ndondomeko yotchedwa Nirmala Bhavanam Nirmala Nagaram, kutanthauza nyumba yaukhondo, mzinda waukhondo. Inayambira m'mawodi 12 kenako n'kufalikira kwina. Mfundo yake ndi imodzi: zinyalala zowola zithere pomwe zapangidwira, pakhomo kapena pamalo oti munthu n'kufikapo wapansi.

Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense wogwira ntchitoyi. Gawo lalikulu la zinyalala za m'tauni ngati iyi ndi zotsala zakukhitchini ndi zamumsika, ndipo zotsalazo ndi madzi okhaokha, magawo 70 mpaka 80 pa 100 alionse. Lole yonyamula zimenezi imatentha mafuta kunyamula madzi. Kumalo otentha ndi achinyezi chakudya chimayamba kununkha tsiku lisanathe, choncho kutola kukaphonya kamodzi msewu wonse umadziwa. Choipa kwambiri n'chakuti msuzi ndi mafuta zikakhudza pepala, katoni kapena pulasitiki, wogula amazikana. Kuchotsa zonyowa m'gulumo kumachita ntchito ziwiri nthawi imodzi: fungo limatha, ndipo zouma zimasanduka malonda oti n'kudikira mwezi wathunthu osavunda.

Zida za pakhomo

Chida choyamba chomwe chinagawidwa kwambiri chinali cha mapaipi, chifukwa n'chotsika mtengo ndipo boma linkalipira gawo lalikulu. Pamafunika mapaipi awiri a PVC, otambalala masentimita 20 ndi otalika kupitirira mita pang'ono. Amaimikidwa chilili, mbali yapansi n'kukwiriridwa masentimita pafupifupi 30, pamwamba n'kuikapo chivindikiro. Poyamba amathiramo ndowe zosungunula kuti tizilombo towoletsa tipezeke. Banja limaponya zotsala zodulidula m'paipi imodzi mpaka itadzaza, zomwe zimatenga pafupifupi mwezi, kenako imatsekedwa n'kuyamba yachiwiri. Pomwe yachiwiri ikudzaza, yoyamba iyenera kukhala itapsa.

Papepala zimayenda choncho. Pansi pali zovuta ziwiri. Mpweya umalowera pamwamba pokha, ndiye zapansi zikatsenderezeka zimavunda mopanda mpweya n'kuyamba kununkha ngati mazira owola. Chachiwiri, njirayi imadalira nthaka kumwa madzi ochucha, pomwe ku Alappuzha nthawi ya mvula nthakayo imakhala itakhuta kale. Wina akathiramo madzi otsukira mpunga kapena msuzi, paipi imasanduka chithaphwi. Mphutsi zimakwera m'mbali, eni nyumba amanyansidwa, ndipo paipi imangoima pakhomo yopanda ntchito. Zambiri mwa mphutsizi ndi za ntchentche yakuda yomwe sifalitsa matenda ndipo imathandiza kudya zinyalala, koma mayi wozipeza pakhomo la khitchini sufuna kumuuza zimenezo. M'madera ambiri a Kerala mapaipi analowedwa m'malo ndi mabini osanjikiza okhala ndi zibowo, omwe sakhudza nthaka. M'mabiniwa amawaza utuchi wa makoko a kokonati wosakaniza ndi tizilombo towoletsa. Utuchiwu umamwa madzi kwambiri, ndipo sasowa m'tauni yodziwika ndi zingwe ndi mikeka ya kokonati.

Chida chachiwiri ndi thanki ya gasi wophikira. Mabungwe a zaumisiri a ku Kerala, ANERT ndi IRTC, ndi amene anathandiza kuziika. Thanki ya pakhomo ya kiyubiki mita imodzi imalandira makilogalamu pafupifupi 5 a zotsala patsiku n'kupereka moto wa ola limodzi kapena awiri. Poyambitsa amadzaza ndowe zatsopano zosakaniza ndi madzi mofanana, n'kudikira masabata awiri kapena atatu. Gasi woyamba sayaka bwino ndipo amangotulutsidwa. Akayamba kuyaka ndi lawi labuluu, chakudya chimayamba kulowa pang'onopang'ono, chosakaniza ndi madzi muyezo wofanana.

Thanki zambiri zimafa chifukwa chodyetsedwa mopitirira. Tizilombo topanga asidi timachulukana msanga kuposa topanga gasi, ndiye pakhala phwando n'kukhuthuliramo mpunga wambiri tsiku limodzi, zam'kati zimasasa, pH (muyezo womwe umatsika asidi akachuluka) imafika pansi pa 6.5, gasi amachepa ndipo lawi limazima. Mankhwala ake ndi kusiya kudyetsa kwa sabata kapena kuposa n'kuwonjezera ndowe zatsopano. Makoko a mandimu, madzi a sopo ndi mankhwala otsukira siziyenera kulowamo. Zikamba za mazira ndi mafupa zimangokhala pansi n'kudya malo, ulusi wa kokonati umayandama n'kupanga chikhungu chotseka gasi. Paipi yopita kukhitchini iyenera kukhala ndi potsika pokhetsera madzi, apo ayi nthunzi imasonkhana, lawi n'kumalumphalumpha. Madzi ozungulira mgolo woyandama wosungira gasi pamwamba pa thanki amaswa udzudzu akapanda kuphimbidwa ndi neti.

Bokosi la Thumboormuzhi

Si nyumba iliyonse ili ndi bwalo, ndipo si aliyense ali ndi mtima wosamala thanki. Chomwe chinanyamula ntchito yambiri m'misewu yothithikana ndi malo opangira manyowa a pagulu, omwe anamangidwa ambiri mwa iwo pomwe anthu ankataya kale zinyalala. Kusankha malo amenewa kunali kwanzeru: mapazi a anthu ankadziwa kale njira.

Bokosi lomwe limagwiritsidwa ntchito linapangidwa ndi Francis Xavier wa ku Kerala Veterinary and Animal Sciences University, pa famu ya ng'ombe ya ku Thumboormuzhi, ndipo poyamba linali lowoletsera ndowe ndi ziweto zakufa. Ndi la mapazi anayi mbali zonse, kapena kuti mamita 1.2 m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Makoma ake ndi timizati ndi matabwa a simenti yolimbitsa ndi waya, osanjidwa mosiya mipata kuti mphepo izidutsa mbali zonse zinayi. Mabokosi amaikidwa m'mizere pansi pa denga, pamalo okwezeka poti madzi osefukira asafike. Palibe injini, palibe magetsi, ndipo mulu sutembenuzidwa.

Kayalidwe kake nkotere. Pansi amayala ndowe zokhuthala masentimita 15, pamwamba pake masamba ouma masentimita 15, kenako zinyalala zowola masentimita 15, n'kubwereza mpaka bokosi litadzaza. M'tauni ndowe zimavuta kupeza, choncho m'malo mwake amawaza madzi okhala ndi tizilombo tochokera m'ndowe momwemo, tokonzedwa ndi Kerala Agricultural University. Chomaliza pa tsiku lililonse chiyenera kukhala masamba. Chakudya chikagona poyera, ntchentche sizichedwa kuikiramo mazira. Mulu umatsika pomwe ukuwola, n'chifukwa chake bokosi laling'ono chonchi limalandira pafupifupi matani awiri lisanatsekedwe. Likatsekedwa limasiyidwa masiku 90.

Masambawo si chophimbira chabe. Tizilombo towoletsa timagwira bwino ntchito ngati kaboni achuluka kuposa nayitirojeni maulendo 25 mpaka 30. Zotsala zakukhitchini zili cha m'ma 15, zotsala za nsomba zili pansi kuposa apo, pomwe masamba ouma ali pakati pa 40 ndi 80. Kuphatikiza ziwirizi kumafikitsa pamuyezo. Masamba amamwanso madzi ndi kusiya timipata ta mpweya m'kati mwa mulu. Chinyezi choyenera ndi magawo 50 mpaka 60 pa 100, ndipo pochiyeza sipafunika makina: tapani dzanja limodzi mutavala magolovesi, finyani. Pakatuluka dontho limodzi kapena awiri zili bwino. Madzi akayenderera m'zala, onjezani masamba. Zikangoyoyoka osagwirana, wazani madzi.

Mulu woyalidwa bwino umatentha pakangopita masiku ochepa, mpaka madigiri 70 pakati pake. Kutentha kopitirira madigiri 55 kwa masiku atatu otsatizana kumapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda ndi njere za udzu. Choyezera kutentha chokhala ndi mpini wautali ndicho chida chofunika kwambiri pamalopa, chifukwa chimanena vuto mphuno isanalimve. Mulu wozizira koma wonunkha ngati mazira owola wanyowa kwambiri ndipo mpweya watha. Fungo loboola la amoniya, ngati la mkodzo, likutanthauza kuti nsomba kapena nyama zachuluka, masamba achepa. Mulu wozizira wopanda fungo lililonse ndi wouma.

Chiwerengero cha mabokosi ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze dera la nyumba 300, iliyonse ikubweretsa kilogalamu imodzi patsiku. Bokosi limodzi lidzaza pafupifupi sabata imodzi. Popeza lililonse limakhala lotseka masiku 90, pafunika mabokosi 13 omwe akupsa ndi limodzi lolandira, onse pamodzi 14. Tsopano m'dera lomwelo mukhale malo odyera ndi nyumba zogona alendo zomwe kwa miyezi iwiri zimawirikiza katunduyo kawiri. Makilogalamu 300 owonjezera kwa masiku 60 ndi matani 18, omwe ndi mabokosi ena 9. Womanga powerengera avereji ya chaka chonse amapezeka alibe poika pa nyengo yomwe tauni yadzaza alendo, ndipo wantchito amakakamizika kutsegula bokosi losapsa. Manyowa osapsa amanunkha, amawotcha mbewu, ndipo mlimi wowagula kamodzi sabweranso.

Masamba nawo ali ndi nyengo yake. Mvula ya monsoon imayamba mu Juni mpaka Seputembala, ina n'kubweranso mu Okutobala ndi Novembala. Miyezi yonseyi masamba osesedwa m'misewu amakhala onyowa. Popeza pafupifupi theka la bokosi ndi masamba, malo alionse ayenera kukhala ndi shedi yosungira matumba a masamba otoleredwa nthawi yadzuwa. Akatha, utuchi wa matabwa osapakidwa mankhwala kapena makatoni ong'ambang'amba amathandiza, koma utuchi uli ndi kaboni wambiri zedi moti ukachuluka mulu umazizira. Makoko a kokonati, omwe amachuluka pomwe pali alendo, sawola m'masiku 90 pokhapokha atawaza ndi makina, ndipo n'kwabwino kuwaunjika paokha. Mphepo yamchere imadyanso waya wotchinga makoswe, choncho uyenera kuyang'aniridwa nyengo iliyonse. Bowo limodzi pansi pa bokosi limakwanira.

Chimene chimasiyanitsa malo oterewa ndi dzala ndi munthu woima pachipata. Antchito omwe kale ankakwera malole anasamutsidwira kumalowa. Amalandira zinyalala pa maola odziwika, amatsegula chidebe mwini wake ali pomwepo, ndipo akapeza jumbo kapena botolo amamubwezera. Chipata chikakhala chotseka nthawi yomwe anthu akupita kuntchito, amasiya majumbo panja, agalu ndi akhwangwala n'kumwaza, ndipo pakatha sabata malowo abwerera mwakale. Pofuna kuthana ndi otaya usiku, khonsolo inaika makamera, magulu olondera ndi chindapusa. Chindapusa chimagwira ntchito pokhapokha munthu ali ndi kwina kololedwa kokataya. Kupanda apo chimangosamutsa mulu kupita kungalande ya kuseri.

Zouma ndi msika wake

Pachiyambi ana asukulu ankasonkhanitsa mapulasitiki a kunyumba n'kupatsidwa makuponi ogulira mabuku. Zinathandiza kulowetsa chizolowezi m'mabanja, koma tauni singadalire ana kunyamula matani. Kuyambira cha mu 2017 Kerala yonse inakhazikitsa magulu a Haritha Karma Sena, ambiri mwa iwo amayi a bungwe la Kudumbashree, omwe amayenda khomo ndi khomo kutenga zouma. M'madera ambiri banja limalipira marupi 50 pamwezi. Mapulasitiki ndi mapepala amatengedwa kawirikawiri, pomwe magalasi, nsapato, zovala ndi zipangizo zamagetsi zili ndi miyezi yake pakalendala. Lamulo kwa banja ndi lakuti paketi ya mkaka kapena ya mafuta itsukidwe ndi kuumitsidwa isanalowe m'thumba. Paketi imodzi ya mkaka yosatsuka imanunkhitsa thumba lonse.

Kumalo osonkhanitsira, kusankhula kumachitika ndi manja. Mabotolo a PET, omwe amakhala ndi nambala 1 pansi, amapita paokha, oyera kusiyana ndi amtundu. Zigubu za HDPE za nambala 2 ndi ziwiya za PP za nambala 5 zilinso ndi ogula. Zitini za aluminiyamu ndi makatoni ouma sizichedwa kugulidwa. Makina opanira mabelo ndi ofunika chifukwa lole yodzaza mabotolo osapana imanyamula mpweya. Magalasi ndi olemera koma otsika mtengo, ndiye amadikira mpaka akwane lole yathunthu.

Mutu umaima pa mapulasitiki opyapyala ndi mapaketi onyezimira a zokhwasula, omwe amapangidwa pomata mitundu ingapo ya pulasitiki ndi aluminiyamu moti sangasungunulidwe kukhala chinthu chimodzi. Kampani ya boma ya Clean Kerala Company, yomwe inakhazikitsidwa mu 2013, imatenga ena mwa mapulasitikiwa kukagwiritsa ntchito m'misewu. Njirayi inayambitsidwa ndi R. Vasudevan wa ku Madurai. Mapulasitiki ouma amadulidwa tizidutswa ta mamilimita awiri mpaka anayi, n'kuwazidwa pa miyala yotenthetsedwa madigiri pafupifupi 170 kuti asungunuke n'kukuta miyalayo phula asanathiridwe. Muyezo wake ndi magawo 6 mpaka 8 pa 100 a kulemera kwa phula. PVC saloledwa chifukwa akatenthedwa amatulutsa mpweya wa asidi woopsa. Koma misewu simangidwa nthawi ya mvula, pomwe mapaketi amabwera tsiku ndi tsiku. Zotsala zimatumizidwa kumafakitale a simenti kukawotchedwa m'ng'anjo, ndipo apa palibe phindu, pali ndalama yolipira mayendedwe.

Wogula akachedwa, nyumba yosungiramo imadzaza, amayi otolera amasowa pokhuthula, mabanja amasiya kulipira poona kuti palibe wobwera, ndipo malipiro a amayiwo amaima. Unyolo wonse umaduka pa mfundo imodzi. Mulu wa mapulasitiki ouma ndi nkhuninso zodikira moto. Moto wa padzala la Brahmapuram ku Kochi mu Malichi 2023, womwe unafuka masiku opitirira 10, unaonetsa Kerala yonse mapeto a kuunjika. Nyumba yosungiramo iyenera kukhala ndi malire a kuchuluka kwa katundu, njira pakati pa mabelo, zozimitsira moto, ndi mgwirizano wolembedwa wonena tsiku lomwe lole ya wogula ibwere.

Kuchepetsa kuchokera kugwero kunabwera ndi malamulo. Kerala inaletsa mapulasitiki ambiri ogwiritsa ntchito kamodzi kuyambira pa 1 Januwale 2020, ndipo India yonse inatsatira pa 1 Julayi 2022. Malamulowa akhudza makapu, mbale, masupuni ndi majumbo opyapyala, koma sanakhudze mapaketi onyezimira aja.

Mlendo alibe khitchini, alibe wodi

Ndondomeko yonse yomwe yafotokozedwayi inamangidwa pa banja: munthu wokhala ndi khomo, woyandikana naye womuona, ndi wantchito wa khonsolo womudziwa nkhope. Mlendo wa masiku awiri alibe chilichonse mwa izi. Sadziwa maola a chipata, samva chilankhulo cha pachikwangwani, ndipo zomwe amagula n'zokutidwa kale m'mapaketi. Apa ndi pomwe matauni a alendo amagwera akamatengera njira ya Alappuzha, ndipo nayonso Alappuzha sinapamalize. Poti mlendo sangaphunzitsidwe pa masiku awiri, udindo uyenera kugwera amene akumulandira n'kudya ndalama yake.

Malamulo a India a zinyalala a 2016 anapereka pogwira. Ananena kuti zinyalala zipatulidwe patatu, zowola, zouma ndi zoopsa za pakhomo. Mahotela ndi malo odyera anauzidwa kupatula zowola ndi kuziwoletsa pamalo pawo momwe angathere, ndipo malo otulutsa makilogalamu opitirira 100 patsiku anaikidwa m'gulu la otaya zambiri. Wokonza msonkhano wa anthu opitirira 100 pamalo opanda chiphaso anauzidwa kudziwitsa khonsolo kutatsala masiku atatu ogwira ntchito. Hotela ikamabweretsa zotsala zake kubokosi la pagulu lomwe linawerengeredwa mabanja, imalanda malo a nyumba makumi angapo. Iyenera kukhala ndi thanki yake ya gasi kapena mabokosi ake, kapena kulipira potengera sikelo. Zotsala za m'hotela zimakhalanso ndi mafuta ndi mchere wambiri, ndiye zimafuna kukhetsedwa madzi pasefa zisanayalidwe, ndipo mafuta okazingira asungidwe m'zigubu paokha.

Maboti ogonamo ndi ovuta kuposa mahotela chifukwa ndi mahotela oyenda, mazanamazana, ndipo pakati pa nyanja palibe woona. M'boti mumaphikidwa, mumatsukidwa mbale, muli zimbudzi ndi injini. Malo okha oligwirira ndi padoko. Boti linyamuke ndi zidebe zitatu zotseka bwino, pobwera zipimidwe n'kulembedwa m'buku, ndipo bukulo lionedwe pokonzanso chiphaso. Boti lomwe lagona panyanja ndi anthu 9 n'kubwera ndi zidebe zopanda kanthu ladziulula lokha. Madzi akumwa ndiwo gwero lalikulu la mabotolo: anthu 9 akumwa malita atatu aliyense ndi mabotolo 27 a lita imodzi patsiku, pomwe zigubu ziwiri za malita 20 zobwezeka ndi makapu achitsulo zimakwanira n'kutsala. Zam'chimbudzi ziyenera kupopedwa padoko kupita kumalo oyeretsera. Pampu ikakhala patali kapena mzere ukatalika, woyendetsa boti amatsegula valavu usiku, m'nyanja ya Vembanad yomwe inalembedwa mu 2002 kukhala dambo lotetezedwa pansi pa pangano la Ramsar.

Pa zochitika za khamu, Kerala ili ndi zomwe imatcha green protocol, zomwe zinatchuka pa masewera a National Games a 2015. Makapu ndi mbale zotaya zimalowedwa m'malo ndi zachitsulo zotsuka, madzi amaikidwa m'mathanki, ndipo wolowa ndi botolo la pulasitiki amasiya chikole chaching'ono n'kumatiridwa sitika, ndalama n'kuitenga potuluka akaonetsa botololo. Zimatheka pomwe pali chipata. Zimafunanso malo otsukira, madzi ndi anthu okwanira. Makapu akatha, wogulitsa amatulutsa a pepala omwe anabisa pansi pa tebulo.

Gombe lilibe chipata. Mabini akumeneko ayenera kuima awiriawiri, lazowola ndi lazouma, okhala ndi zithunzi m'malo mwa mawu, otseka, omangiriridwa kuti mphepo isagwetse, ndipo akhale apulasitiki wolimba kapena simenti chifukwa chitsulo chimachita dzimbiri nyengo imodzi. Akhuthulidwe madzulo anthu akangobalalika, osadikira mmawa. Zotoledwa pamchenga sizisakanizidwa ndi zotoledwa m'makomo: mchenga umawononga mipeni ya makina, ndipo pulasitiki wopsa ndi dzuwa amathetheka, wogula n'kutsitsa mtengo wa belo lonse. Zambiri zopezeka pagombe pambuyo pa mvula yoyamba sizinasiyidwe ndi alendo konse. Ndi zomwe zinagona m'ngalande chilimwe chonse, madzi n'kuzitulutsa, mafunde n'kuzibweza. Kuvuula ngalande ndi kutchinga maukonde pomwe zimathira kuyenera kutha Juni asanafike, ndipo maukondewo azikokololedwa mvula ikangogwa, apo ayi amatseka madzi n'kusefukira m'nyumba.

Poyeza ngati ntchito ikuyenda

Mu 2016 bungwe la Centre for Science and Environment linapatsa Alappuzha mphoto ya mzinda waukhondo pamodzi ndi mizinda ina ya India, Panaji ndi Mysuru, ndipo mu 2017 nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe inaitchula pakati pa mizinda isanu yachitsanzo, limodzi ndi Osaka, Ljubljana, Penang ndi Cajicá. Nthawi yomweyo, pa mpikisano wa ukhondo wa boma la India wa Swachh Survekshan inali m'munsi kwambiri, chifukwa mapointi ambiri ankaperekedwa potengera kutola khomo ndi khomo ndi kunyamula, zomwe tauniyi inasiya dala. Muyezo wolakwika ungakakamize khonsolo kugulanso malole pofuna kukwera pamndandanda.

Manambala othandiza woyendetsa ntchito ndi ena. Kulemera kwa zolowa pachipata chilichonse tsiku ndi tsiku kumaonetsa dera lomwe layamba kutaya kwina, chifukwa anthu sasiya kudya. Buku la kutentha kwa bokosi lililonse limaonetsa wantchito amene akudumpha masamba. Pa zouma, chofunika si matani otoledwa koma matani otuluka pachipata poyerekeza ndi otsala m'nyumba. Ndipo pa zida za pakhomo, malipoti amakonda kunena zomwe zinagawidwa, pomwe chofunika ndi zomwe zikugwirabe ntchito patatha chaka. Kuti mudziwe, sankhani nyumba mwachisawawa m'wodi iliyonse, pitani osachenjeza, vundukulani chivindikiro cha bini, yatsani mbaula ya gasi. Pomwe lawi lakana, katswiri wokonza afike sabata yomweyo ndi chidebe cha ndowe zatsopano.